Kunsi kwa Chofunda cha Yesenia

Lachiwiri, 9 Meyi

Lero mkwiyo wandilonjezetsa chinthu chachikulu. Ku tchalitchi kwathu mwana aliyense womaliza sekondale amalandira chofunda cha zigamba chosokedwa ndi gulu lathu la amayi. Timaziyala pamabenchi akutsogolo, Abusa n'kuzipempherera. Chaka chino ana alipo asanu ndi mmodzi, zofunda zatha zisanu. Wotsala ndi Yesenia, mwana wa Mayi Orellana aja ogwira ntchito ku fakitale ya nyama ya nkhumba, amene anayamba kupemphera nafe mu Januwale. Zigamba zake zalumikizidwa kale, koma kuzisokerera pamanja pamodzi ndi thonje ndi nsalu yakunsi kumafuna mwezi wathunthu.

A Arlys, apampando athu, amene mumtima ndimawatcha a Inspekitala, akuti, "Timugulire bulangete la kusitolo, sangadandaule ameneyo."

Ndinali nditanyamula thireyi ya khofi, poti chiyambire nyamakazi kupinda zala zanga ntchito yanga ndi imeneyo. Zaka makumi atatu ndikusoka nawo, lero ndine mayi wa khofi. Ndangomva pakamwa panga pakuti, "Ndipatseni, ndikasokera pa felemu yanga."

"Pa makina? A Verna, kumeneko si kusoka, n'kupalasa njinga."

Ndabwera nazo. Mwambo uli pa 21.

Lachitatu, 10 Meyi

Felemu yatuluka m'katoni mmene yakhala chindigulireni mwana wanga Denise chaka chatha. Ndinkachita nayo manyazi, ndinene zoona. Taipanira pa tebulo lodyera ine ndi amuna anga, a Merle: mapaipi atatu opingasa, ndi kangolo ka timatayala komwe makina amakhalapo. Nsalu siyenda, oyenda ndi makina, iwe n'kumangowongolera ndi zikhatho. Zala zilibe ntchito yambiri.

A Merle: "Ndiye tizidyera pati, mayi?" Pamiyendo, uku tikuonera TV. Akhala ngati akudandaula, koma ndawaona kuti akondwa.

Lachinayi, 11 Meyi

Kupachika. Nsalu yakunsi kaye, maluwa ake ayang'ane pansi. Pakati pa nsalu palunjike pakati pa paipi, kenako mapini kuchokera pakatipo kumka m'mbali. Mapini ndi adani anga, awiri andibaya. Kukulunga pang'onopang'ono, kusalaza, kukulunganso. Thonje pamwamba pake, ya zigamba pamwamba penipeni. Koyamba ndinakoka mpaka nsalu kulira ngati ng'oma, ndabwezako pang'ono. Tsiku lathunthu, singano osaloweko ngakhale kamodzi.

Loweruka, 13 Meyi

Ndasoka! Mizere iwiri ya masamba okhotakhota, uliwonse kukula kwake ngati chikhatho, poti makina anga ndi a mkono waufupi. Kangolo kaja kakungotsetsereka mwee. Ndinkayimba ndekha. A Merle pobwera kothandiza aneba kudzala chimanga aima pakhomo chipewa m'manja: "Izi mwachita ndinu?" Nanga ndani, galu?

Lolemba, 15 Meyi

Ndinanyada msanga. Nditamaliza mzere wachitatu n'kukulunga, kunsi kwatulukira pa paipi yakumbuyo. Ulusi uli lendelende, timalupu tokhatokha ngati thaulo. Mizere yonse itatu. Ulusi wapamwamba ndinaulowetsa phazi la makina lopanikiza nsalu lili pansi, ndiye sunagwire.

Chondipweteka n'chakuti ife osoka tikapatsidwa chofunda, tisanayamikire n'komwe timatembenuza ngodya kuti tione kunsi. Ndachita zimenezi ku zofunda za anthu moyo wanga wonse. Changa chokha sindinasuzumire, ndinatengeka ndi masamba apamwamba.

A Merle akuti, "Kodi mwanayo akaona kunsi?" Ndati a Insp. akaona. Kenako ndachita manyazi ndi yankho langa, chifukwa mbali imeneyo ndi imene imakhudza thupi la wofunda. Ndalira pang'ono kubafa. Atsala masiku asanu ndi limodzi.

Lachiwiri, 16 Meyi

Kugulu sindinapite, khofi adziphikire. Kumasula tsiku lonse. Ine kudula, a Merle kuzula ulusi ndi kapulayala kawo kochotsera mbedza. Bambo wa zala ngati masoseji, magalasi pamphuno, lilime kunja. Akuti ndisadzauze anzawo amene amamwa nawo khofi.

Lachitatu, 17 Meyi

Kumasula kwatha. Ulusi ndalowetsanso, phazi lili m'mwamba. Lamulo latsopano: ndikasoka pang'ono, galasi lometera la a Merle lilowe pansi pa nsalu, tochi iwale. Kunsi kuli bwinobwino, ulusi wagona phee. Ndayang'ana kasanu osakhulupirira.

Lachinayi, 18 Meyi

Mizere isanu ndi umodzi. Mapewa akuwawa, zala ayi.

Lachisanu, 19 Meyi

A Insp. ayimba foni m'mawa. "Bulangete lija ndagula, lingokhala lodikirira. Musadzipweteke, amnzanga." Ndati zikomo, ndili pa njinga, tiyankhulana.

Chakumapeto mpukutu wakumbuyo unakula, malo osokera n'kuchepa, masamba ndinawachepetsa dala. Pangodya ndabisa dzina la Yesenia pakati pa masamba, alipeze yekha. Itakwana 3 koloko ndachotsa pini yomaliza. Tayala chofunda pabedi chakunsi m'mwamba, ine n'kuvina m'khonde ndi masilipasi.

Loweruka, 20 Meyi

Mpendero watha, nawonso pa makina. Anene zonena.

Lamulungu, 21 Meyi

Zofunda zisanu ndi chimodzi pamabenchi. Mapemphero asanayambe a Arlys anayenda nazo chimodzichimodzi monga amachitira. Atafika pa changa anatembenuza ngodya, kenako ngodya ina, n'kuyendetsa chala pa ulusi. Ine ndinaima pambali pawo. Pamenepo m'pamene ndinachiona chala chawo chachikulu: chotupa, chokhota ngati changa chomwechi. Anangosalaza ngodya ija n'kudutsa.

Yesenia ataitanidwa sanachite zonyamula pamkono ngati anzake, anafunda pomwepo kutsogolo, mpingo wonse kuseka. Dzina analipeza Abusa ali pakati pa pemphero, n'kumakodola mayi ake. Mayi Orellana anandigwira dzanja potuluka, analimbitsa mpaka linawawa, sindinalichotse.

Kukhitchini ya tchalitchi ndinapeza a Arlys atanyamula kale thireyi. Anandithirira khofi, koyamba m'zaka ziwiri.

"Mapini aja amavuta?" anatero, maso ali pakapu.

"Amavuta. Zina zonse ndi zikhatho basi."

Kenako chapansipansi: "Kunyumba ndili ndi zofunda zitatu zosasokerera. Singano ikundipulumuka chiyambire Malichi. Sindinauze munthu."

"Bwerani nazo Lachitatu," ndinatero. "Galasi lilipo."

A Merle ndawauza pobwerera kuti tebulo asaliyembekezere.