Waya Womangidwa pa Matayala

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno ndikati tili bwino ndinama.

Lero kunacha ndi mvula yowaza, yosamveka padenga koma yonyowetsa chilichonse. Chinandidzutsa ndi kulira kwa matayala, bambo akukankha kaokala kathu ka matabwa kupita kumsewu.

Muokalamo mwasintha chichokereni inu. Bambo anaikamo filiji ndi masoketi otchajira mafoni, magetsi akukoka ndi chingwe kuchokera kwa atelala. Atatisamutsira tsidya lina la msewu, chitsulo chimene munakhomera m'nthaka chinatsala kumalo akale. Waya wobiriwira uja, umene munaumanga pachitsulocho, bambo anangomumanga pachitsulo cha matayala. Akuti matayala ali pansi, ndiye kuti waya wafika pansi.

Sabata yatha kunabwera woyendera zamagetsi, ine ndilipo. Anayeza masoketi, kenako anakwawira kunsi. Atatuluka, mawondo ali matope, anati tayala ndi labala, wayayo sakupita kulikonse. Anati kanyumba koyenda kamafuna chitsulo chake m'nthaka paliponse pamene kaima, komanso switchi yodzizimitsa yokha zikalakwika. Anatiletsa kuyatsa mpaka zikonzedwe.

Bambo anaseka. Anamuuza bwanayo kuti matabwa akanakhala ogwira magetsi, akalipentala onse bwenzi ali kumanda. Atelala anaseka mpaka kutsokomola. Munthuyo atangokhota pangodya, bambo analumikizanso chingwe.

Madzulo ake ndinanena kuti chogwirira cha filiji chimaluma ukachigwira ndi manja onyowa. Anandiyankha kuti sukulu yandikwera kumutu, ndidye ndikhale chete. Ndinangopitiriza kudya.

Lero Chitsirizira wathu anatsagana ndi amayi kuokala. Nsapato anavula chifukwa cha matope. Munthu wina atafuna chakumwa, iye anathamangira kufiliji, paja mukumudziwa, amafuna kuoneka wamkulu. Amayi akuti sanalire n'komwe. Anangouma chiimire, dzanja litakanirira pachitseko. Atelala ndi amene anazula chingwe.

Ine anandiitana ndili m'kalasi. Ndinamupeza kuchipatala akupuma, koma chikhatho chapsa ndipo zala sizikupindika. Adokotala akuti mtima wake ukugunda modumphadumpha, ayenera kumuyang'anira. Atatsegula maso anafunsa ngati kasitomala uja analandira chakumwa chake.

Achimwene, chimene ndakulemberani ndi ichi. Tili pakhonde la chipatala, bambo anandikokera pambali. Akuti vuto ndi mvula basi, mawa kukhala dzuwa. Akuti ndisapite kusukulu, ndikatsegule okala, chifukwa iwo adzakhala kuchipatalako ndipo eni mafoni sangadikire. Anawonjezera kuti ndivale nsapato za labala, ndine mwamuna.

Sindinawakanirepo bambo chibadwire. Koma ndikuopa. Pafiliji paja sipagwira ine ndekha, ana a m'njira amatsegula okha.

Chonde ayimbireni lero lomwe. Mawu anga kwa iwo ndi kulira kwa udzudzu, koma inu amakumverani chifukwa ndinu munalumikiza magetsi oyamba. Auzeni akhomere chitsulo m'nthaka, amuitanenso woyendera uja. Musawakalipire, mukatero aumirira. Mukapanda kuyimba, mawa ndidula chingwe ndi pulayala, andimenye ngati n'kundimenya. Kalatayi ndiijambula pafoni ya anzathu oyandikana nawo kuti ikupezeni msanga.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kakhanda, koma za dzanjali muwauze pang'onopang'ono.

Amayi atsala kuchipatala ndi Chitsirizira. Kunyumba tabwerako awiri, ine ndi bambo. Sanadye. Ali panja, akupukuta filiji.

Ndine mng'ono wanu.