Sindinamukoke Malaya

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe ndi alamu anga pamodzi ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvuta, kapena ukunyamulabe odwala wekha ngati kuti m'chipatala chonsecho namwino ndiwe wekha? Kuno tadzuka. Alamu ako shuga watsikako, koma bondo langa ndi lomwe lija, limadziwa za mvula kuposa a zanyengo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ndili nayo. Katatu konse ndaimba nambala yako n'kudula isanalire. Pali zina zimene pakamwa pamakana, ndiye ndati dzanja liyese, poti ndi dzanja lomweli limene lalakwa.

Ukukumbuka tsiku lija mwana wako anasankhidwa kukhala kochi wamkulu wa timu ya basiketibolo pa koleji pano? Unandiimbira ukulira ndi chimwemwe, n'kunena kuti mtima wako uli m'malo poti ali ndi malume ake pambali. Ndinakuyankha kuti usade nkhawa, ndimuyang'anira. Mlongo wanga, ndinayankha ndi mano okha, mtima unali kwina.

Iwe ukudziwa kuti ndakhala wachiwiri kwa kochi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kochi wakale atapuma, aliyense ankadziwa kuti mpando ndi wanga, ngakhale mayi wosesa mu holo anali atayamba kale kunditchula kuti bwana. Ndinagula mpaka jekete yatsopano. Mkulu wa zamasewera atandiitana ku ofesi, ndinapita nditapaka nsapato polishi. Anandipatsa mpando wofewa, n'kundiuza kuti komiti yasankha mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamapepala ake, wodziwa kuphunzitsa ndi mavidiyo, ndipo mwayi wake ndi woti ndi magazi anga. Ati ndimuthandize.

Mwana amene ndinkamunyamula paphewa kuti afikire neti! Anabwera kwanga pa holide ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mpira waukulu kuposa mutu wake, mamina ali chuu. Amene anamuphunzitsa kugwira mpira ndi nsonga za zala ndine. Lero kiyi wa ofesi ali m'thumba mwake, wezulo ili m'khosi mwake, ndipo ine anyamata amangonditchula kuti Madala, wonyamula thumba la mipira.

Akanakhala wopusa, bwenzi ndikugona tulo tabwino. Chondipweteka n'chakuti mwana wako ntchito amaidziwa. Anasintha nthawi yokonzekera, anayamba kujambula aliyense n'kumuonetsa pamene phazi likuterereka, ndipo anyamata amene ine ndinawakalipira zaka zitatu osasintha, iye anawasintha ndi kuseka nawo basi. Pa masewera asanu ndi anayi tinapambana asanu ndi awiri. Alamu ako anandiuza kuti safunikanso kufunsa zotsatira: ndikalowa m'nyumba nkhope ili ngati ndikuchokera kumaliro, amadziwa kuti tawina. Imeneyo ndi nsanje, mlongo wanga, sindiipatsa dzina lina.

Tsono kuti umvetse chimene ndinachita, ndikufotokozere ntchito yanga. M'masewera athuwa, wosewera akachita mafaulo asanu amatulutsidwa, sabwereranso tsiku limenelo. Kochi wamkulu amaima m'mbali mwa bwalo, maso ali pa anthu khumi othamanga, sangathe kuwerenga zonse. Wowerenga ndine. Ndimakhala pa benchi kumbuyo kwake ndi kathabwa, pepala ndi pensulo, faulo iliyonse ndimalemba kamzere pa dzina la mwini wake. Ikafika yachinayi ndimaizunguliza, kenako ndimakoka kochi malaya kumbuyo kawiri. Sitilankhula, phokoso la mu holo silingalole. Akamva kukokako amadziwa kuti amutulutse munthuyo apume, kuti adzamubwezere kumapeto pamene zavuta.

Zaka zonsezi sindinaphonyepo. Malaya a kochi wakale onse anali otamuka kumbuyo, mpaka akazi awo anandidandaulira.

Masabata awiri apitawo, Loweruka masana, tinkasewera ndi koleji imene takhala tikulimbana nayo kuyambira kale. Wopambana ankapita ku ndime yomaliza ya mpikisano. Holo inadzaza mpaka ena anakwera m'mawindo. Tili ndi mnyamata wamtali amene anzake amamutchula kuti Nsungwi, ndiye amene amatigwirira pansi pa neti, popanda iye timu yathu ili ngati nyumba yopanda chitseko. Chigawo chomaliza chitangoyamba, tinali patsogolo ndi mapointi asanu ndi anayi.

Kunachitika chipwirikiti pansi pa neti, wezulo n'kulira. Nthawi imeneyo mwana wako anali atatembenuka, akulangiza wina amene ankafuna kumulowetsa. Woimbira analoza Nsungwi, olemba mafaulo a patebulo anakweza nambala folo n'kutsitsa. Nsungwi mwini wake akatenthedwa sawerenga, ankaganiza kuti faulo ndi ya mnzake. Ine ndinaona zonse. Ndinalemba kamzere kachinayi, ndinakazunguliza bwinobwino, dzanja linanyamuka lokha monga mwa chizolowezi.

Malaya ake anali pafupi ndi mphuno yanga. Ndi malaya atsopano aja koleji inamusokera, olembedwa udindo wake kumsana ndi zilembo zikuluzikulu. Ndinawerenga zilembo zija, mlongo wanga, ndipo dzanja linabwerera pa bondo. Mumtima ndinati, poti ndi wodziwa, aone yekha.

Sipanathe mphindi imodzi, wezulo inaliranso. Faulo yachisanu. Nsungwi anatuluka akukana ndi manja, n'kukabisa nkhope mu tawulo. Mapointi athu anasungunuka tikuona, ndipo tinagonja ndi mapointi awiri. Ndikuuze chinthu chonyansa kwambiri: wezulo yomaliza italira ndinamva kukoma, kukoma kwa munthu wokanda chipere. Kunatha msanga, kunatsala kuwawa kokha.

M'chipinda chosinthira zovala Nsungwi anaimirira kuti apepese, mwana wako anamukhazika pansi. Anawauza kuti palibe amene walakwa kupatula iye, kochi, chifukwa kudziwa amene ali ndi mafaulo anayi ndi udindo wake. Wina anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati Madala nawonso sanaone. Ndisanatsegule pakamwa, iye anayankha kuti malume anali otanganidwa ndi zina zimene iye mwini anawatuma kuti alembe. Ine ndinawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Pothawa manyazi tsiku limenelo ndinaiwala kathabwa kanga pa benchi. Lolemba m'mawa mwana wako anandibweretsera. Pepala lija panalibe, anaikapo latsopano, mayina atalembalemba kale, pensulo ataisongola. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Malume, Loweruka likudzali mudzandikoke mwamphamvu, ine mpira ukatentha ndimatengeka." Pamenepo ndinadziwa kuti kamzere kozungulizidwa kaja anakaona.

Akulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kuno zatembenuka, wadya ndine koma akupotedwa ndi mwana. A komiti ena amene ankamukana kuyambira pachiyambi apeza pogwira. Akuti ananena kale kuti ndi wosakhwima pamchombo, munthu wosatha kuwerenga mpaka folo angatsogolere bwanji timu ya koleji. Mkulu wa zamasewera anandiitananso pa mpando wofewa uja. Anati komiti ikumana Lachisanu la sabata yamawa, ndipo maganizo alipo ndi omutsitsa mnyamatayo n'kupereka timu kwa ine. Anangofuna ndiyankhe funso limodzi, ngati munthu amene ndakhala naye pafupi: kodi ndi wokonzeka kapena ayi?

Ukuganiza kuti ndinaulula pomwepo? Ayi. Ndinapempha tsiku limodzi, ndinapita kunyumba, ndinatulutsa jekete ija n'kuivala. Alamu ako anandipeza ndikudziyang'ana pagalasi, n'kundifunsa kuti jekete imeneyi ndi ya maliro a ndani. Ndinakhala pa bedi n'kuwauza zonse. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangofunsa kuti mlongo wanga ndidzamuyang'ana ndi nkhope iti, n'kubwerera kukachapa.

M'mawa mwake ndinakauza mkulu uja zoona zokhazokha. Mlongo wanga, anaseka mpaka kupukuta misozi! Ati akumvetsa, magazi ndi magazi, malume aliyense angadzinamizire kuti apulumutse mwana wa mlongo wake. Anandionetsa lipoti limene mwana wako analemba ndi kusayina, lonena kuti iye ndi amene anandisiyitsa kuwerenga tsiku limenelo. Ati munthu amene sanaphonyepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sangayambe lero. Ngati ndikunena zoona, ati, ndibweretse pepala la tsikulo komiti idzaone yokha kamzere kozungulizidwako.

Taona tsono mmene zilili. Kukhulupirika kwanga kwa zaka zonsezi ndi kumene kukundibisa, ndipo umboni wa kuipa kwanga uli m'manja mwa munthu amene ndinamuipira.

Ndinamutsatira mwana wako ku ofesi kukapempha pepala langa. Poyamba anandifunsa kuti pepala lanji, akusewera ndi wezulo ngati sakudziwa. Nditalimbikira anatseka chitseko. Anati pepalalo likafika ku komiti andichotsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo palibe koleji ina imene ingalembe wachiwiri amene anagonjetsa dala timu yake. Ati iye akadali mwana, akatsitsidwa adzakwera kwina, koma ine kwanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume mwaulemu. Ati amene anamunyamula paphewa sangamusiye kuti agwe anthu akuona.

Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinakwiya. Ndinamukalipira kuti asandichitire chifundo ngati ndine wopemphapempha, kuti ndinayamba ntchitoyi iye asanadziwe n'komwe kugwira mpira. Anangoti, "Pepani malume," n'kutenga mpira kupita kwa anyamata. Ndinatsala ndekha mu ofesi imene ndinkailota, ndikudziwa kuti ngakhale pa ubwino wa mtima wandiposanso. Nsanje imeneyi sinathe, ndisakunamize. Ndimamuona akuyenda m'bwalo, anyamata akumutsatira ndi maso, ndipo china chake chimandiluma pachifuwa mpaka lero.

Koma funso la mkulu uja ndili nalo yankho. Kochi wakale, amene ndinkamulemekeza ngati bambo, tikagonja ankafuna wina womuloza chala tisanavule n'komwe nsapato. Mwana wako anagonja masewera aakulu kuposa onse pa moyo wake, wolakwa akumudziwa, ali naye pafupi, n'kusenza mlandu yekha pamaso pa anyamata ake. Zimenezo sindinamuphunzitse ine, ndipo pa mavidiyo ake palibe. Ndi wokonzeka. Amene sanali wokonzeka zaka zonsezi ndi ine, ndipo mwina komiti inaona zimenezo ine ndisanazione.

Loweruka lapitali tinasewera masewera olimbirana malo achitatu. Ndinamukoka mwana wako malaya mpaka batani linaduka, pamene faulo inali yachitatu chabe. Anatembenuka n'kuseka, anyamata nawo kuseka, ine ndekha ndi amene sindinaseke.

Tsono pempho langa ndi ili. Pepala lija sanataye, ndikudziwa. Anatengera iwe, munthu wosataya ngakhale chitsekerero cha botolo. Pa dziko lonse lapansi amene amamuopa ndiwe wekha. Ndikupempha kuti ukangowerenga kalatayi umuimbire, Lachisanu lisanafike. Adzakuuza kuti malume akukokomeza, kuti zonse zili bwino, adzakuseketsa mpaka uiwale chimene unaimbira. Usalole. Ukafuna kunditukwana, unditukwane pambuyo pake, foni ndidzayankha ndipo sindidzadula. Ndinakulonjeza kuti ndidzamuyang'anira mwanayu, ndipo njira imene yanditsalira yosungira lonjezo limenelo ndi yoti komiti ione kamzere kaja.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti mankhwala a bondo aja anafika ndipo ndathokoza. Moni kwa ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti akufuna kudzaphunzira mpira kwa malume ake. Umuuze kuti ali ndi mchimwene wodziwa kuposa ine. Alamu ako akuti ndikupatse moni, ati nawonso akudikira kumva kuti waimba. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito yako, ndipo ngati angathe, akupatsenso mtima wondikhululukira.

Ukamuimbira usayambe ndi kumufunsa ngati wadya. Ungomuuza kuti abweze pepala la malume ake.

Ndine mlongo wako,
Wachiwiri kwa kochi, mpaka Lachisanu.