Kadzidzi wa m'sipika

Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala. Zilembo zakhota chifukwa sukulu sindinapite nayo patali.

Lero mtima sunakhale m'malo. Ana a sekondale apempha kubwereka sipika yanga kuti Loweruka adzavine atavala ngati mizukwa. Andipatsiratu nyimbo zawo za magitala okalipa, akuti za roko. Masana ndinati ndiziyese pakhonde. Yoyambayo inayamba ndi kulira kwa kadzidzi, kenako mkazi akukuwa. Ndinathimitsa msanga, koma inali itamveka kale.

Madzulo kunabwera mayi Asiyatu a nyumba yoyandikana nafe. Amuna awo, a Saidi, akudwala chifuwa.

"Achimwene, munamumva kadzidzi uja? Dzuwa lili paliwombo! Bambo akuti wadzera iwo. Mankhwala akana, phala akana."

Ndinangoti, "Pepani achemwali."

Ndikawauza kuti inali sipika yanga, akhulupirira? Kapena adzati ndinachita dala, poti tinakanganapo za malire a dimba kumtsinje wa Domasi? Koma ndikakhala chete, munthu uja sadya.

Sipika ndaifunditsa chitenje. Mpaka pano sindinapite kukawauza, ndipo a Saidi sanamwebe mankhwala.