Buledi wa Masika Wopanda Tirigu

Pafamu, Moorreesburg
Disembala

Wokondedwa mng'ono wanga Trudie,

Landira moni wanga, iwe ndi onse a m'nyumba mwako kumeneko ku Witrivier. Kaya mwendo wa alamu anga a Hennie ukupeza bwanji masiku ano? Uwauze kuti makwerero si a munthu wa msinkhu wawo, zodulira mitengo ya makadamiyazo azisiyira ena. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Tirigu takolola, mvula inatilekerera mpaka thumba lomaliza, ndipo alamu ako a Gawie ayambanso kuyankha munthu akawapatsa moni.

Khala pansi, mwana wa mayi anga, uthire khofi. Nkhani ndili nayoyi ndi yaitali, ndipo ndikuuziretu kuti kumapeto kwake kuli pempho.

Ukukumbukira mwambo wa kwa apongozi anga uja. Kukolola kukatha, thumba loyamba timakagayitsa, ine n'kuphika buledi mmodzi wamkulu ngati mtsamiro. Timayala matebulo pansi pa mitengo ya bulugamu, ife ndi antchito ndi mabanja awo, a Gawie n'kupemphera, n'kunyema bulediyo ndi manja. Amayenda dzanja ndi dzanja mpaka aliyense atalawa. Amati wadya buledi ameneyu ndi wathu basi.

Chaka chatha Dewald wathu anabwera ndi mtsikana wake wa mumzinda wa Kaapstad, Carien, yemwe ndinakutumizira chithunzi chake uja. Mwana waulemu, woseka ndi maso omwe. Koma pa chakudya, mayo ine! Buledi ayi, phala ayi, mpunga ayi. Mabisiketi anga oviika mu khofi aja, amene abusa amachita kubisa m'thumba la jekete, ayinso. Iye zake ndi nyama, mazira, masamba, mbatata ndi mtedza.

Dewald anayesa kutifotokozera kuti kadyedwe kameneka ndi ka makolo akalekale a m'mapanga, anthu asanayambe kulima. A Gawie amvekere, nanga a m'mapangawo ali kuti lero, si anatha onse?

Ine mumtima ndinangoti ndi matama a m'tauni awa, atha okha. Buledi atafika pa iye, mwana uja anazengereza. A Gawie amvekere, "Nyema, mwanawe, tirigu ameneyu ndamulera ndekha." Ananyema, anadya, anathokoza uku akumwetulira.

Sitinadziwe kanthu mpaka Okutobala wathayu, pamene ndinamuimbira Dewald kumukumbutsa za tsiku la masika. Anayamba kuzungulirazungulira, ati ntchito yachuluka, ati galimoto ikuvuta. Ndinamuuza kuti ndinamubala ndine, asandinamize. Ndiye anaulula.

Akuti kachidutswa kaja kanamugoneka Carien masiku angapo, m'mimba mukupota, thupi lonse zidzolo. Tirigu kwa iye ndi chiphe, madokotala anamuuza kalekale, ndipo mbewu zinazo anazisiya yekha ataona kuti akupeza bwino. Tsiku lija anadya poopa kuwachititsa manyazi a Gawie pamaso pa anthu.

Dewald amvekere, "Amayi, sindingamubweretsenso kuti adzasankhe pakati pa kudwala ndi kunyoza Abambo. Ndipo iye akatsala, inenso nditsala." Anawonjezera kuti akufuna kukwatirana chaka chamawa, koma ukwatiwo akuganiza zokachitira ku tauni komweko.

Trudie, mtima wanga unasweka. Mwana mmodzi yekhayo, yemwe tikumuyembekeza kuti adzatenga famu ino, atalikirane nafe chifukwa cha ufa? Ndinalira pang'ono. Kenako ndinapukuta maso ndi epuloni n'kunena kuti ine Elsabe, amene ndakhala ndikuphika buledi kuyambira ndili namwali, sindingagonjere chinthu cholowa mu uvuni.

Ndinapita ku tauni kukagula ufa wa mtedza wa alimondi. Kunyumba ndinachita monga ndichitira masiku onse, yisiti, madzi ofunda, mchere, kenako kukanda. Ndinakanda mpaka mapewa kuwawa, koma chinthucho chinkangomata m'zala. Ndinachifunditsa bulangete n'kuchiika pawindo pa dzuwa kuti chifufume. Ndinadikira, ndinasuzumira, ndinachinyengerera. Chinangokhala phee ngati apongozi okwiya.

Chimene chinatuluka mu uvuni usafunse. A Gawie anachigogoda ndi mpeni, amvekere, "Usataye ichi, Elsabe, thirakitala ikusowa chotchingira tayala pamtsetse paja." Wachiwiri ndinachulutsa mazira, anatuluka wonjenjemera, wonunkha mazira nyumba yonse. Wachitatu ndinaponyera nkhuku. Zinamuzungulira, kumuyang'ana ndi diso limodzi, n'kuchokapo.

Alamu akowo sanandithandize n'komwe. Akuti iwo ndi mlimi wa tirigu, mwana wa mlimi wa tirigu, ndipo mtedza ndi chakudya cha agologolo. Akuti anzawo ku kopaletivi akamva kuti m'nyumba mwa Gawie mukuphikidwa buledi wa mtedza, adzawaseka mpaka kumanda. Ndinawayankha kuti chabwino, anzawowo ndi amene adzawaberekere zidzukulu.

Potsiriza ndinameza manyazi n'kumuimbira Carien mwiniwake, paja safunsa anadya phula. Ndinamufotokozera zonse, ndi za bulangete zomwe. Mwana uja anaseka mpaka kutsamwa, n'kuyamba kupepesa, n'kusekanso. Paja amanditchula Tannie, ngati kunena kuti azakhali. Amvekere, "Tannie, ameneyutu sakandidwa ayi! Yisiti mum'siye, ndipo bulangetelo mufunde nokha."

Anandiphunzitsa pafoni pomwepo. Mazira kuwalekanitsa, zoyerazo kuzimenya mpaka zichite thovu loima lokha. Ufa wa mtedza, nthanga za maungu ndi za mpendadzuwa, mafuta a kokonati, kasoda ndi madzi a ndimu. Ndiye thovu lija kulisakaniza pang'onopang'ono, mofatsa, osati mwankhondo. Akalowa mu uvuni, osatsegula kusuzumira. Ukundidziwa iwe, zofatsa ndi zosasuzumira si mbali yanga, moti ndinachita kutuluka panja kukathirira maluwa kuti ndisachimwe.

Koma anatuluka, Trudie! Wofiirira bwino, wafungo lokoma, wodulika ndi mpeni osanyenyeka. Ndinavina ndekha m'khitchini, mphaka akundiyang'ana.

Nditamuimbiranso kuti ndidzitame, anathokoza kambirimbiri, koma ndinamva mawu ake akutsika. Anati pali china chimene akuchita nacho manyazi kunena. Akuti ngakhale kafumbi ka ufa wa tirigu kotsalira m'chitini, pathabwa lokandira kapena mu uvuni kamamudwalitsa. Ndinayang'ana khitchini yanga. Ufa m'ming'alu ya tebulo, ufa m'makatani, ufa mwina ndi m'tsitsi langa momwe.

Amvekere, "Musadzivutitse, Tannie. Ndidzabwera ndi chakudya changa m'kabokosi, ndidzadyera pambali. Ndinazolowera."

Mawu akuti ndinazolowerawo anandilasa. Foni inali pa sipika, ndipo a Gawie anali pakhomo akuvula nsapato za kumunda. Anamva zonse. Anangoti zachibwana, n'kuvalanso nsapatozo, n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinamva wilibala ikulira kuseri kwa nyumba, a Gawie akututa njerwa. Pakati pa kukolola, Trudie, nthawi imene munthu ameneyu sapeza ndi mpata wometa ndevu! Akaweruka kumunda ankapita molunjika pafupi ndi mkuyu uja, n'kumamanga. Nditafunsa, akuti ndi uvuni wowotchera nkhosa, akhala akuufuna kuyambira kale, ndisawasokoneze. Ndinati chabwino, bwana.

Uvuniwo utatha kuuma, anabwera kuchokera ku tauni ndi zitini zatsopano, mbale ndi chipande, n'kuziponya patebulo la pakhonde. Akuti anangozipeza panjira. Kenako, maso ali kumbali, akuti zimenezi zisalowe m'khitchini mwanga mwa fumbimo. Nkhosa yowotchera m'chitini cha buledi ine sindinaionepo.

Dewald ndinamuuza za uvuniwo pafoni. Iye anangoti, tibwera, Amayi.

Tsiku la masika ndinaphika zonse panja, nyama ya nkhosa, mbatata zowotcha, maungu a uchi ndi zitheba. Pokonza msuzi dzanja langa linafunafuna lokha chitini cha ufa kuti ukhuthale, mwayi chitinicho chinali m'nyumba. Buledi ndinaphika awiri. Wamkulu wa tirigu m'khitchini monga mwa nthawi zonse, ndi kakang'ono ka mtedza mu uvuni watsopano, nditasamba ndi kusintha zovala. Carien ndinamuikira kake pambale yakeyake, ndi mpeni wakewake, kumapeto kwa tebulo kutali ndi nyenyeswa. Ndinkadziona wanzeru kwambiri.

A Gawie anapemphera pemphero lawo lalitali lija, la mvula, la dizilo, la boma. Atati ameni ananyamula buledi wamkulu kuti anyeme. Pamenepo maso awo anagwera kumapeto kwa tebulo, kumene mwana uja anakhala ndi kambale kake, manja ali pamiyendo, akumwetulira mwaulemu podikira kuti mwambo wa eni ake udutse. Anaima choncho, buledi ali m'manja, mpaka anthu anayamba kuyang'anizana.

Amvekere, "Elsabe, chiyambire agogo anga patebulo pano pamakhala buledi mmodzi. Awiriwa ndi a mabanja angati?"

Ndinayamba kufotokoza za fumbi, koma sanandimvere. Anapita ndi buledi wamkulu uja m'nyumba n'kukamusiya. Kenako tinawaona ali pampopi, akupinda malaya, akusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Atabwerako anayenda mpaka kumapeto kwa tebulo, anatenga kabuledi ka mtedza kaja, ananyema, chidutswa choyamba n'kumupatsa Carien.

Amvekere, "Yamba ndiwe, mwana wanga. Chaka chatha unadya wathu, chaka chino tidya wako."

Anthu tinalipo ambiri, bulediyo kachibakera. Aliyense ankangotsina kachidutswa ngati pa Mgonero n'kupatsira mnzake. A Japie, oyendetsa makina okololera aja, anakweza kawo m'mwamba, amvekere, "Bwana, chaka chino ndiye takololadi, taonani kukula kwake! Wina andithandize kunyamula!" Anthu anafa nako kuseka. A Gawie anatafuna kawo nthawi yaitali nkhope ili gwa, kenako anagamula kuti mchere wachepa, koma ndi buledi.

Carien sanaseke nawo. Misozi inali chuchuchu, kachidutswa kali m'manja. Dewald wanga, chimunthu chonse chija, ankangoyang'ana kumwamba n'kumati utsi wa nyama ukumulowa m'maso. Ineyo sindinanamizire utsi, ndinalira poyera, ndipo kunali kulira kokoma.

Tisanachotse mbale anatiuza kuti ukwati udzachitikira pafamu pano, Pasaka ikangodutsa.

Tsopano pempho lija. A Gawie alamula kale kuti pa ukwatiwo keke idzakhala imodzi, yoti mkwatibwi adye pamodzi ndi aliyense. Kulamula n'kosavuta, wophika ndine, ndipo alendo ake ndi mpingo wonse ndi theka la Moorreesburg. Carien akuti makadamiya amatulutsa keke yofewa kuposa alimondi, ndiye iwe uli ndi mitengo yake mpaka kuphiri. Ngati mtedza woswa kale watsalako, nditumizire ndi galimoto iliyonse yobwera kuno kuti ndiyambe kuyeserera.

Koma mtedza wokha sukwanira, ndikufuna iweyo. Ndikudziwa uziti ndi kutali, uziti mwendo wa a Hennie, uziti agalu atsala ndi yani. Zaka zapita usanaponde pakhomo pano, ndipo ndakusowa. Pa keke dzanja lako ndi lofatsa kuyambira tili ana, ndipo mazira oti timenye ndi osawerengeka. Ubwere ukwati usanayandikire kwambiri. A Hennie tidzawakhazika pamthunzi ndi mnzawo, azikanamizana za mvula.

Ndine mkulu wako, ndipo sindikupemphapempha kawirikawiri. Mwana uyu wakhala akudyera pambali pa maphwando a anthu moyo wake wonse. Ndikufuna pa tsiku lake adzadule keke n'kuidya osaopa, ife tonse tikudya yomweyo.

Undiperekere moni kwa a Hennie, kwa mwana wako Marlize ndi ana ake, ndi kwa anansi ako a Tannie Bets ngati akundikumbukirabe. A Gawie akupereka moni, Dewald ndi Carien nawonso. Ambuye akusungeni nonse, akupatseni mvula pa nthawi yake ndi thanzi la m'thupi. Uyankhe msanga, ndipo yankho lake likhale lakuti ukubwera.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Elsabe