Kamakina Koiwalaiwala

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji?

Kuno ku Glasgow tilipo, kungoti mvula sikukata. Kumudzi mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, ndipo wamutcha dzina lanu. Chimanga cha m'munda wanu wa kudimba akolola amalume. Akuti chachita bwino, ngakhale anankafumbwe ayamba kale kuvuta. Mdzukulu wanu Thoko amayankhabe m'Chingerezi, koma Lamulungu lapitali anaimba nyimbo yanu ija kutchalitchi mpaka kumapeto. Ine ndinalephera.

Ndikufuna ndikuuzeni bwinobwino chimene chinandichedwetsa, poti pafoni ndinkangoti “ntchito”.

Kamakina kamene ndimagwirako ntchito ndi kaja kopopera mankhwala m'thupi la odwala shuga. Ndi kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo malo ake osungira zinthu ndi ochepa kwambiri. Nditakuuzani zimenezi, munakauza amayi a chigwirizano kuti mwana wanu amathandiza makina oiwalaiwala. Sindinakukonzeni. Kompyuta yaikulu imakhala ndi pulogalamu yoilondera, koma m'kamakinaka mlonda alibe pokhala. Ndiye ine ndimawerenga malamulo ake mzere ndi mzere, kutsimikiza kuti palibe poloŵera munthu woipa, kasanafike pathupi la wodwala.

Sabata imene munagonekedwa m'chipatala ndinapeza cholakwika. Uthenga wochokera pafoni ukatalika kuposa malo ake, unkasefukira n'kufufuta mlingo wa mankhwala. Munthu wanjiru akanatha kupha wodwala osamukhudza n'komwe. Ndinakumbukira mmene munkasankhira mpunga palichero, mukundiuza kuti, “Iwe Tiya, usathamange, amene adzalume kamwalako si iwe.” Ndinakana kusaina kuti kamakinako kali bwino. Ndinasuntha tikiti yanga ya ndege ndi masiku asanu.

Munandifunsa kuti ndibwera liti. Ndinati ndikangomaliza kutsimikiza. Munati, “Maliza, mwanangu, ine sindikupita kulikonse.” Ndinakukhulupirirani chifukwa kutero kunali kondipepukira. Uthenga wa imfa yanu unandipeza m'sitima, ndikubwerera kunyumba ku Shawlands, cholakwika chija nditachikonza tsiku lomwelo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mnzanga wa kuntchito akanatha kumaliza. Anadzipereka kawiri. Ine sindinafune kuti maso a wina aone mizere yanga. Anthu pamaliro ankanditonthoza kuti ndinapulumutsa miyoyo, ndipo ndinkangogwedeza mutu. Kwa inu sindinganame: sikunali kusamala kokha ayi, munalinso kunyada.

Tsopano kamakina katsopano kakudikira kuunikidwa mwezi wa Ogasiti, mwezi womwewo umene abale agwirizana kumanga chiliza chanu. Abwana anandifunsa ngati mwambowo sungasunthe. Amayi, ndikuchita manyazi kuti ndinaganizirako. Kenako dzulo ndinatenga mafayilo onse n'kumupatsa mnzanga uja, ndi kumuonetsa pamene ndikukayikira.

Ndidzafika kudakali sabata yathunthu, Thoko ali nane. Mchenga ndi madzi ndidzasenza ndekha.

Ndimakukondani, ndipo ulendo uno sindisuntha tsiku.

Ine mwana wanu,
Tiyamike