Malume Sanagone Pafupi ndi Mayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Milonde tadzuka, kungoti mwendo wanga uja ukutupabe, ndipo mtima sunakhale pansi.

Malume tinawaika Lachitatu, koma osati pomwe ankafuna. Paja ankanena kuti tidzawagoneke pafupi ndi mlongo wawo, mayi athu, kumapeto kwa manda kuja. Adzukulu anayamba kukumba pomwepo m'mamawa. Dzenje litafika m'chiuno, piki inaboola paipi ya madzi ochokera kuphiri, manda n'kudzaza mpaka pamwamba. Mipopi yonse m'mudzi inauma, azimayi ophika pamaliro n'kumakatunga kumtsinje.

Ine ndinapsa mtima. Ndinawakalipira adzukuluwo kuti, "Bwanji osafunsa kaye musanakumbe?"

Wamkulu wawo anayankha motsitsa mawu, "Mayi, tikanafunsa ndani? Munthu yemwe anatsala mwa amene anakwirira paipiyi kalekale ndi amene ali m'bokosiyu."

Ndinangokhala pansi n'kulira.

Mukudziwa kuti manda sakwiriridwa opanda kanthu. Choncho a komiti ya madzi atalumikiza paipi n'kuipatutsa, m'dzenjemo anaikamo thunthu la nthochi. Malume tinakawaika kumunsi, pakati pa anthu omwe si abale athu.

Chonde mubwere pa Khrisimasi, tidzaike zipilala za simenti monse mukudutsa paipiyo, ena asadzaone zomwe taona ifezi. Ambuye akusungeni kuchilendoko. Koma mukadzafika kumanda, musadzagwade pa mtumbira watsopano uli pafupi ndi mayi. Pamenepo pagona nthochi.

Ndine mchemwali wanu,
Esinati