Njerwa za Pansi pa Mango

Mwana wanga Fernando,

Ndine mayi ako Rozina, wa zaka makumi asanu ndi awiri monga amanenera a kutchalitchi. Uli bwanji ku Beira kumeneko ndi akazako ndi ana? Kuno tilipo, mwendo wokhawu ndiwo ukundivuta.

Nyumba ya Mpwitikizi ija unatigulira ku Mongue pamodzi ndi munda wake, mlamu wako Zakariya wamanganso khoma limene linagwa pa nkhondo. Koma ndanyansidwa naye. Dothi la njerwa anakumba pansi pa mango a kumunda osafunsa munthu, poti mpafupi ndi madzi. Lamulungu kunabwera mayi Alifina, amene sanathawe nafe ku Malawi. Atayang'ana dzenjelo anati, "Amayi, apa mpamene tinaika amuna anga, m'mphasa chabe."

Nditamufunsa Zakariya, anandiyankha kuti, "Apongozi, njerwazo zinapsa kale, moto unayeretsa."

Ine ndatuluka m'nyumbamo, ndabwerera m'chisakasa changa chakale chija. Sindingatsamire khoma limene muli munthu. Nyumbayo njako, ndiye ulembe msanga kuti aligwetse, njerwazo tikabweze pamandapo mvula isanagwe.

Mulungu akusunge iwe ndi ana.